MBIRI YA MODEMU: ZA MAU OYENDA M'NJIRA YOPAPATIZA

Tsiku lina la msika pano pa Malomo ndinaona mnyamata ataimirira pachulu, atakweza foni yake m'mwamba ngati munthu woingitsa kabawi, alikudandaula kuti chithunzi chochokera kwa mlongo wake wa ku Joni chikuchedwa kutseguka. Mkulu wa mpingo amene ndinali kuyenda naye, bambo wa imvi, anaima nandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi chithunzi chichedwa bwanji, popeza chilibe miyendo yoti itope, ndipo palibe mtsinje woti chiwoloke?" Sindinathe kuwayankha bwino panjira paja, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzalemba. Tsono yankho lake lili m'mbiri ya kachipangizo kotchedwa modemu, kamene kanalowetsa intaneti m'dziko lathu kudzera pa waya wa lamya. Ambiri a ife sitinakaone ndi maso, koma phunziro lake litikhudza kufikira lero.

Amtengatenga ndi lamya

Tiyambe ndi zimene makolo athu anazidziwa. Pamene Abusa A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anamanga msasa pa Mvera m'chaka cha 1889, kalata yopita kwao ku South Africa inkasenzedwa ndi munthu kufikira kunyanja, nkukwera sitima, nkutsika ndi Shire ndi Zambezi, ndipo yankho linkabwera patapita masabata ambiri. Wamtengatenga aliyense wa masiku amenewo ankadziwa kuti ulendo suyesedwa ndi mphamvu ya miyendo yokha. Uyesedwa ndi kulemera kwa katundu, ndi ubwino wa njira, ndiponso ndi malo amene munthu ayenera kuima kudikira anzake. Sungani zinthu zitatu zimenezi mumtima, pakuti tidzakomana nazonso.

M'chaka cha 1892 Cecil Rhodes anayambitsa kampani yomanga lamya yodutsa Africa. Waya wake unadzera ku Tete kufika ku Blantyre, nutsata gombe la nyanja kupyola pa Nkhotakota, kum'mawa kwa mapiri athu ano, ndipo zaka za m'ma 1890 zisanathe unali utafika ku Karonga. Lamya yoyambayo sinkanyamula liu la munthu, koma kugogoda kwakufupi ndi kwakutali, kumene kalaliki ankakumasulira kukhala zilembo. Pambuyo pake inabwera telefoni, yonyamula liu lenileni. Koma amisiri ake, pofuna kusunga chuma, anaipatsa njira yopapatiza: inkalola maliu okhawo amene anjenjemera pakati pa 300 ndi 3,400 pa sekondi imodzi, ndiwo okwanira kuti uzindikire mau a mnzako. Palibe amene ankaganiza kuti tsiku lina makina adzafuna kulankhulana pa njira yomweyo.

Modemu nchiyani?

Kompyuta sidziwa chinenero cha anthu. Zonse iziwerenga ndi zizindikiro ziwiri zokha, 0 ndi 1. Chizindikiro chimodzi chotere achitcha bit, ndipo ma bit 8 apanga chilembo chimodzi. Popeza waya wa telefoni unapangidwira maliu, panafunika womasulira wosandutsa ma bit kukhala kulira, ndi mnzake kutsidya wosandutsa kulirako kukhalanso ma bit. Womasulira ameneyo ndiye modemu. Inali kabokosi kokhala ndi timagetsi tophethira, kolumikizidwa ku telefoni mbali ina, ndi ku kompyuta mbali ina pa chingwe chimene ma bit ankayendamo mondondozana, mmodzi pambuyo pa mnzake, monga anthu oyenda m'kanjira ka m'munda.

Modemu yotchedwa Bell 103, imene inatuluka ku America m'chaka cha 1962, inkanyamula ma bit 300 pa sekondi, ndiko kuti zilembo 30. Tsamba limodzi la zilembo 2,000 linkatenga mphindi yathunthu ndi kupitirirapo. Zitatero zinabwera za 1,200 ndi za 2,400. M'chaka cha 1981 kampani ya Hayes inatulutsa modemu yotha kuimba yokha nambala pouzidwa ndi kompyuta, ndipo ena onse anatsata malamulo ake. Bungwe la maiko loona za lamya linavomereza muyeso wa 14,400 m'chaka cha 1991, wa 28,800 mu 1994, wa 33,600 mu 1996, ndi wa 56,000 mu 1998.

Kodi bwanji sanapitirire kukwera chikwerere? Chifukwa chake anachionetsa kale Claude Shannon, katswiri wa masamu wa ku America, m'chaka cha 1948. Iye anatsimikiza kuti njira iliyonse ya uthenga ili ndi malire ake, oikidwa ndi zinthu ziwiri: kutambalala kwa njirayo, ndi kukula kwa liu poyerekeza ndi phokoso. M'nyumba ya chete ukhoza kunong'ona mofulumira, mnzako nkumva zonse. Koma pa chigayo uyenera kufuula pang'onopang'ono ndi kubwereza. Modemu za 33,600 zinali zitayandikira kale malire a waya wamba wa telefoni. Za 56,000 zinkapambana pokhapokha mbali ya wogulitsa intaneti italumikizidwa ndi makina atsopano opanda phokoso. Ndipo ngakhale pamenepo liwirolo linali la zobwera zokha, zopita zinkatsalira pa 33,600.

Ine ndinamva kulira kwa modemu koyamba mu ofesi ina ku Lilongwe, ndili mnyamata wophunzira uphunzitsi. Inayamba ndi kuimba nambala, kenaka mluzu, kenaka kulira konga kwa nyenje m'chilimwe, kenaka mkokomo wonga mvula ya pamalata, ndipo mwadzidzidzi kunati zii. Ndinayesa kuti yaonongeka. Kalaliki anaseka nati, "Iyayi achimwene, zikupatsana malonje." Ndipo ananena zoona. M'kulira muja modemu ziwiri zinali kufunsana za mphamvu zao ndi kuyesa waya wa tsikulo, kuti zipangane liwiro limene zonse ziwiri zingathe. Yamphamvu inkadzichepetsa kuyenda ndi yofooka, ndipo zonse zinkagonjera waya.

Maphukusi ndi keyala

Tsono kunyamula zilembo ndi chinthu china, kunyamula intaneti ndi chinanso. Pa intaneti uthenga suyenda wathunthu. Udulidwa m'timaphukusi, ndipo phukusi lililonse lilembedwa keyala ya kumene lichokera ndi kumene lipita, pamodzi ndi nambala yosonyeza malo ake pa mzere. Malembo a pamwamba pa phukusiwo alemera monga zilembo 40. Lamulo limeneli linapangidwira makompyuta a masukulu akulu, olumikizidwa ndi zingwe zamphamvu, kumene zilembo 40 sizinali kanthu. Koma pa waya wa telefoni zinasanduka mtolo.

Vuto loyamba linali lakuti m'chingwe ma bit angoyenda ngati madzi a m'ngalande, osaoneka poyambira phukusi kapena pothera pake. M'chaka cha 1984 Rick Adams anakonza njira yapafupi yotchedwa SLIP, imene John Romkey anailemba poyera mu 1988: potha phukusi lililonse aikapo chizindikiro chapadera, nambala 192, monga mfundo pa chingwe. Njirayi inagwira ntchito, koma inali yosauka. Sinkayesa ngati phukusi lafika lamoyo kapena lovulala, ndipo munthu ankayenera kudziwiratu keyala ya mbali zonse ziwiri. Chifukwa chake inakonzedwa ina yotchedwa PPP, yolembedwa koyamba mu 1989 ndi kukhazikika mu 1994. Iyo inkaika nambala yoyesera pa phukusi lililonse kuti lovulala litayidwe, inkafunsa dzina ndi mau achinsinsi, ndiponso inkabwereka mlendo keyala ya tsikulo. Anthu ambiri amene analowa pa intaneti ndi modemu kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anadzera pa khomo limeneli osadziwa dzina lake.

Vuto lachiwiri linali kulemera kwa keyala. Taganizani munthu alikulemba pa kompyuta ya kutali, imene iyenera kumbwezera chilembo chilichonse kuti achione. Akagogoda chilembo chimodzi, panyamuka phukusi la zilembo 41: chimodzi ndicho uthenga, 40 ndi envulopu. Kuli ngati kumanga ngolo ya ng'ombe ziwiri kuti ikatule dzira limodzi. Pa modemu ya 2,400 ulendo wopita ndi wobwera unkadya gawo limodzi la magawo atatu a sekondi, kotero kuti zala zinkatsogola, maso nkutsalira m'mbuyo.

Amene anachotsa mtolowo ndi Van Jacobson, wa ku Berkeley m'dziko la America, m'chaka cha 1990. Iye sanakuze waya kapena kusintha modemu. Anangoona kuti maphukusi otsatizana a ulendo umodzi ali ndi keyala yofanana, ndipo zosintha ndi zochepa. Nanga mthenga amene apita ku nyumba imodzimodzi tsiku ndi tsiku, kodi uyenera kumfotokozera mudzi, mfumu ndi boma ulendo uliwonse? Umuuza kamodzi, pambuyo pake ungoti, "Komwe kuja." Chomwecho mbali ziwiri zinkasunga keyala ya phukusi loyamba, nkumatumizirana zosintha zokha, ndipo zilembo 40 zija zinatsika kufika pa 3, 4 kapena 5. Iye analangizanso kuti pa waya wochedwa maphukusi akhale ang'ono. Pakuti phukusi la zilembo 1,000 pa modemu ya 9,600 litseka njira sekondi yathunthu, ndipo kauthenga kofulumira kayenera kudikira kumbuyo kwake, monga njinga yopezana ndi lole ya fodya pa mlatho wopapatiza.

Nambala ya pabokosi

Apa mpamene ogula ambiri anakhumudwa. Munthu ankagula modemu yolembedwa 28,800 kapena 56,000, nayembekeza kuti adzaona liwiro lomwelo. Koma nambala ya pabokosi inkanena za tsiku labwino pa waya wabwino.

Choyamba, pa chingwe cha pakati pa kompyuta ndi modemu chilembo chilichonse chinkaperekezedwa ndi ma bit awiri, wotsegulira ndi wotsekera, kotero kuti chinkadya 10 m'malo mwa 8. Modemu zanzeru zinaphunzira kuvula awiriwo zisanatumize pa lamya, ndipo potero ya 14,400 inkafikitsa zilembo ngati 1,600 pa sekondi.

Chachiwiri, modemu zinaphunzira kufinya uthenga. Alimi a fodya a kuno ku Ntchisi ndi ku Dowa adziwa kuti masamba odzaza chigafa alowa m'belo limodzi akadindidwa pa jeke. Mau olembedwa afinyika chomwecho, pakuti zilembo zambiri zibwerezabwereza, ndipo ogulitsa ankalonjeza kuti liwiro lidzachuluka kanayi. Koma chithunzi chimabwera chofinyidwa kale. Belo lodindidwa silidindikanso. Wotumiza kalata ankapindula, wotumiza chithunzi sankapindula kanthu.

Chachitatu, khomo la kompyuta lenilenilo linkatha kuchepa. M'makompyuta akale kachipangizo kolandira zilembo kankasunga chimodzi chokha. Kompyuta ikatanganidwa ndi ntchito ina, chilembo chotsatira chinkagwa pansi, ndipo phukusi lonse linkatumizidwanso. Kachipangizo katsopano kotchedwa 16550 kankasunga 16. Ndiko kusiyana kwa wolandira chimanga m'manja ndi wolandira m'lichero.

Chachinayi, ndipo chachikulu kwa ife, ndi waya. Waya wautali wa mkuwa, wolumikizidwa mfundo zambiri, wolowa madzi m'nyengo ya dzinja, wogwedezeka ndi mphezi, unkadzaza phokoso. Modemu zikamva phokoso zinkaima, nkupatsananso malonje, nkutsika pa liwiro. Likakula, zinkadula kulankhulana, ndipo munthu ankaimbanso ndi kulipiranso. Chotero anthu awiri ogula modemu yofanana, wina pafupi ndi nyumba ya makina a telefoni, wina kumapeto kwa waya, ankakolola zosiyana kutalitali.

Kufika kwake kuno

Kumwera kwa Africa khomo linatsegukira pa Rhodes University, ku Grahamstown. Kumeneko Mike Lawrie ndi anzake anayamba kutumiza makalata a pakompyuta ku America pa lamya, ndipo mu November 1991 analumikizana mwa lamulo la intaneti ndi nyumba ya Randy Bush ku Portland. Anansi athu a ku Zambia anatsatira mu November 1994, pamene ZAMNET, yobadwira pa University of Zambia ku Lusaka, inalumikizana ndi Cape Town. Taonani chodabwitsa: njira ya dziko lonse la Zambia inali ya ma bit 14,400 pa sekondi, liwiro la modemu imodzi.

Kwathu kuno ntchito inayambira ku Zomba, pa Chancellor College, cha m'ma 1993, motsogozedwa ndi Dr Paulos Nyirenda, mphunzitsi wa sayansi. Iwo anayamba ndi njira yotchedwa Fidonet, imene sinali intaneti yeniyeni, koma inali yoyenera dziko la mawaya ofooka ndi telefoni yodula. Munthu ankalemba makalata ake modemu ili chete. Atatha, kompyuta inkawamanga mtolo umodzi wofinyidwa, nkuimba, nkutula mtolowo, nkunyamula wobwera, nkudula msanga. Kompyuta yaikulu nayo inkasonkhanitsa mitolo ya onse ndi kuitumiza kunja kwa dziko pa nthawi zoikika. Inali positi ofesi ya makina, ndipo mwa njira imeneyo aphunzitsi, madokotala ndi mabungwe analandira m'maora ochepa yankho limene kale linkatenga masabata.

Intaneti yathunthu inafika m'chaka cha 1997 ndi kampani ya MalawiNet, ndipo pambuyo pake inabweranso Malawi SDNP, yothandizidwa ndi bungwe la UNDP. Apo mpamene PPP inayamba kuyenda pa mawaya a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Koma inkadya ndalama pawiri: kwa wogulitsa intaneti mwezi ndi mwezi, ndi kwa eni telefoni mphindi ndi mphindi. Wokhala kutali ndi mzinda ankalipira mtengo wa kuimba kutali, pa waya woipa koposa, kotero kuti wosauka njira ndiye ankalipira zambiri pa zochepa. Ochenjera anasunga mwambo wa ku Zomba uja: kulemba zonse poyamba, kulumikiza kanthawi, ndi kudula.

Nanga bwanji midzi yathu sinaione modemu? Chifukwa modemu ifuna zinthu zitatu pamodzi: telefoni ya waya, magetsi, ndi kompyuta. Kalembera wa 1998 anapeza anthu pafupifupi 9,900,000 m'Malawi, koma matelefoni a waya sankakwana ngakhale imodzi pa anthu 200, ndipo ochuluka anali m'mizinda. Ku madera onga kwathu kuno telefoni inkapezeka pa boma, pa positi ofesi, kapena pa mishoni. Waya usanafike m'midzi, inatulukira foni ya m'manja: kampani ya TNM inakhazikitsidwa mu 1995, ndipo Celtel, imene inadzakhala Zain kenaka Airtel, inayamba mu 1999. Nsanja zinamera pamapiri, ndipo ife tinalumpha kuchoka pa kalata ya pa basi kufika pa foni, nyengo ya modemu itatipitirira monga mvula yogwa kutsidya kwa dambo.

Yankho kwa akulu aja

Tsono, bambo anga, nali yankho lanu. Chithunzi chilibe miyendo, koma chili ndi kulemera. Ndipo ngakhale palibe mtsinje, ulipo mlatho. Zinthu zitatu za wamtengatenga zija sizinasinthe: katundu, njira, ndi podikira. Lero njira ya foni si waya koma mphepo ya pakati pa foni ndi nsanja, ndipo ndi yotambalala koposa ya modemu. Koma malire a Shannon alipobe. Phiri likatchinga, kapena nsanja ikatalikira, liu lichepa pamaso pa phokoso. Ndicho chifukwa chake mnyamata uja anakwera pachulu, ndipo sanalakwe. Pa tsiku la msika anthu mazana agawana nsanja imodzi, ndipo maphukusi aima pa mzere. Nambala yaikulu imene wogulitsa ailengeza ili ngati ya pabokosi ija: inena za tsiku labwino.

Katundu nayenso walemera. Chithunzi chimodzi cha foni ya lero chikhoza kulemera monga zilembo 2,000,000. Pa modemu ya 28,800 chikadatenga mphindi 10. Zithunzi ziwiri kapena zitatu zotere zilemera monga zilembo zonse za m'Buku Lopatulika, ndipo kanema alemera koposa. Kale anthu ankalipira mphindi, lero tilipira kulemera. Koma thumba ndi lomwe lija lotulukamo ndalama ya feteleza, ya sopo, ya sukulu ndi ya chopereka. Ndaona mabanja akukangana chifukwa mwana watha ndalama ya mchere pa makanema a usiku umodzi, pamene uthenga wolemba wonena za matenda a agogo sukadadya ngakhale gawo laling'ono la ndalamayo.

Chifukwa chake ndikupemphani, abale, tiphunzire kwa anthu a nyengo ya modemu. Iwo anali ndi njira yopapatiza, ndipo sanakhale pansi kudikira yotambalala. Anapepuza katundu, anachotsa zobwerezabwereza, anakonzeratu mau ao asanatsegule khomo, ndipo pa kawaya kofooka anadutsitsa makalata a zipatala ndi a masukulu a dziko lonse. Akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Tiphunzitse ana athu kufunsa asanatumize kapena kutsegula kanthu: kodi ichi chilemera bwanji, ndipo chipindulira yani? Mlembi wa mpingo wotumiza chidziwitso cha maliro kapena cha msonkhano alembe mau ochepa omveka, kuti afike ngakhale kwa mbale wokhala kuseri kwa phiri la Ntchisi, amene foni yake igwira movutika. Mulungu amene anapatsa anthu nzeru yoyendetsa mau pa waya ndi pa mphepo atipatsenso ife nzeru yosankha mau oyenera kuyenda.

Ndine wanu mu utumiki,
Mphunzitsi, Malomo.